VANETI IKAYAMBA KUNJENJEMERA PA MSEU WA TALA

Mseu wocoka m'tauni ya Livingstone kulowera ku Kazungula ndi ku Sesheke, umene pa mapu ulembedwa M10 koma anthu onse auchula Nakatindi Road, udutsa m'mbali mwa komboni ya Nakatindi. M'mamawa ndi madzulo mavaneti sasowa pa mseu umenewu. Ena abwera ndi nsomba za ku Mambova, ena makala, ena tomato ndi ndiwo zamasamba zopita ku msika wa Maramba, ndipo pamwamba pa katunduyo kawiri-kawiri pakhala amai eni malonda, ana ali ku msana. Ambiri mwa eni mavanetiwa si anthu olemera. Galimotoyo ndiyo munda wao, ndiyo khola lao la ng'ombe, ndipo ikagona masiku atatu m'galaji nsima iyamba kuvuta pa nyumba.

Pali dandaulo limodzi limene amakanika a m'Nakatindi, a ku Dambwa ndi a ku Maramba amalimva kawiri-kawiri. Vaneti iyenda bwino-bwino m'tauni, koma ikangopitirira nyumba za anthu ndi kufika pa liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola, iyamba kunjenjemera. Siteringi ivina m'manja, kalilole woonera kumbuyo aonetsa zinthu ziwiri-ziwiri, ndipo okwera kumbuyo amva mano akugundana. Danga lino sabata ino likamba za nthenda imeneyi, pakuti siiri ya ku Livingstone kokha. Mlimi wa ku Katete kapena wa ku Lundazi amene anagula vaneti ndi ndalama za fodya kapena za nshawa akomana nayo cimodzi-modzi pa Great East Road.

Oyendetsa ambiri acita cimodzi mwa zinthu zitatu. Wina angozolowera, nanena kuti galimoto yakalamba. Wina apeza kuti akaponda mafuta kufika pa 110 kunjenjemerako kucepa, nayesa kuti wapeza mankhwala. Wina athamangira ku sitolo ya masipeya kukagula mashoki atsopano cifukwa mnzake anamuuza tero, koma pobwerera apeza kuti ndalama zapita ndipo siteringi ikali kuvina. Mwa atatuwa waciwiri ndiye ali pa ngozi yaikulu.

Mai wosenza ndowa ya madzi pamutu adziwa kuti pali mayendedwe ena amene acititsa madzi kukhavuka ndi kutayika. Akacepetsa mapazi madzi adekha, akasintha mwa kufulumira pang'ono nthawi zina adekhanso, koma pa mayendedwe amodzi aja mapazi ndi ndowa zimvana ndipo madzi alumpha. Galimoto nayonso iri tero. Matayala, masipuring'i ndi mashoki ali ndi kadumphidwe kao-kao, ndipo wilo losalongosoka likazungulira pa liwiro lomvana ndi kadumphidwe kameneko, thupi lonse la galimoto livomera. Kupitirira liwirolo thupi lileka kuvomera, koma nkhonya imene wilo likumenya pa maberingi ndi pa manati siinaleke. Yakula.

Kukula kwake kuwerengeka. Tayala la vaneti lolembedwa 245/70 R16 likazungulira kamodzi liyenda mamita 2.35, kotero kuti pa makilomita 100 pa ola lizungulira pafupi-fupi ka 12 pa sekondi iri yonse. Ngati mbali imodzi ya tayalalo, kunja kumene liponda pansi, yalemera kuposa inzake ndi magalamu 50 cabe, ndiko kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku, pa liwiro limenelo dziralo likoka wilo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 10. Pa makilomita 50 pa ola mphamvuyo siipitirira makilogalamu atatu, n'cifukwa cake m'tauni simumveka kanthu. Pa makilomita 120 ifika pafupi ndi makilogalamu 15. Woyendetsa amene athawa kunjenjemera mwa kuonjeza liwiro angoleka kumva, koma pansi pa galimoto zitsulo zikali kumenyedwa koposa kale.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthenda imeneyi ipezeka ndi khutu, manja ndi coko, munthu asanaturutse ngwee. Koma pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kuonedwa galimoto iri ciimire pabwalo, pakuti zimenezi zimapha.

Coyamba ndi manati a mawilo. Mwini galimoto atenge sipanala ya mawilo ndi kuyesa nati iri yonse pa mawilo onse anai. Nati yomasuka kawiri-kawiri idziulula yokha: pacoka mzere wa dzimbiri wotsika pa limu, kapena pozungulira pake pawala ngati pokwecedwa. Wilo limene layenda nthawi yaitali liri lomasuka likuza mabowo a limu, ndipo limu yotere siikhalanso pakati ngakhale manati amangidwe motani. Kunjenjemera kumene kwayamba mwadzidzidzi tsiku lomwe tayala linamatidwa, kumene kukula-kula pa ulendo umodzi womwewo, ndi kwa manati kufikira munthu atatsimikiza kuti si manati. Galimoto yotere iime pomwepo.

Caciwiri ndi tayala lotupa. M'kati mwa tayala muli nsambo za citsulo zomatidwa ndi mphira. Kutentha, kucepa kwa mpweya, katundu wopitirira muyeso ndi kugunda m'dzenje zilekanitsa nsambozo ndi mphira, ndipo pa malo amodzi paturuka cotupa ngati cithupsa. Munthu ayendetse cikhato pa tayala lonse, osaiwala mbali ya m'kati yoyang'ana pansi pa galimoto, pakuti zotupa zambiri zibisala kumeneko. Cizindikiro cina n'cakuti vaneti ikamayenda pang'ono-pang'ono, liwiro la munthu wapansi, igwedeza ciuno ngati bakha. Tayala lotere liribe mankhwala. Licotsedwe, ndipo lisasungidwe ngakhale ngati sipeya. M'mwezi wa October, pamene kutentha kwa ku Livingstone kupitirira madigiri 35 ndipo tala aotcha mapazi, tayala lotupa liphulika osacenjeza.

Pano mpofunika kunenapo za matayala a salaula, amene ambiri amagula cifukwa ca kucepa kwa mtengo. Mizere ya tayala ikhoza kuoneka yakuya pamene mphira wake unauma kale. Pa mbali ya tayala pali malemba oyamba ndi DOT, ndipo manambala anai omalizira anena tsiku lobadwa: 3518 atanthauza sabata ya 35 ya caka ca 2018. Opanga matayala monga Michelin alangiza kuti tayala lofika zaka 10 licotsedwe ngakhale lioneke labwino. Wogulitsa amene aimirira mophimba manambalawo adziwa cimene acita.

Manati ndi matayala zikapezeka bwino, ndi pamene galimoto ipita ku mseu kukayesedwa, masana, yopanda katundu, yopanda munthu kumbuyo. Malo oyesera asankhidwe mwanzeru. Cigawo ca Nakatindi Road coyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya si coyeserapo liwiro, cifukwa njovu zimaoloka pamenepo, ndipo anthu a m'Nakatindi azidziwa bwino popeza zimafika ndi ku makomo kwao. Ndiponso cicokere mu May 2021, pamene ulalo wa Kazungula unatsegulidwa m'malo mwa pantuni, malole akulu-akulu opita ku Botswana ndi ocokako sasowa pa mseuwu. Pafunika malo oongoka, oonekera patali, pa nthawi imene mseu uli wopanda piringu-piringu.

Woyendetsa achere khutu ndi thupi lonse, adzifunse kumene kunjenjemerako kukulowera. Kukalowera m'manja, pa siteringi, mlandu uli ku mawilo a kutsogolo. Kukalowera pa mpando ndi pa msana, siteringi iri phee, uli ku mawilo a kumbuyo kapena ku propshaft, citsulo cacitali cija conga mpope cimene cipereka mphamvu kucoka ku giyabokosi kupita ku difu. Ziwirizi zisiyana kamvekedwe. Kwa wilo kumveka ngati ng'oma yoombedwa mofulumira, munthu angayese kuwerenga. Kwa propshaft n'kosawerengeka, kumveka ku mapazi ngati mmene nthaka ilirira munthu akaima pafupi ndi cigayo, cifukwa propshaft izungulira pafupi-fupi kanai pamene wilo lazungulira kamodzi.

Kenaka, galimoto iri pa liwiro lomwe linjenjemeretsa, aponde kilachi ndi kucotsa phazi pa mafuta kwa kamphindi, kuti injini itsike mau pamene galimoto ikali kuthamanga. Kunjenjemera kukaleka nthawi yomweyo, mawilo alibe mlandu. Afune ku injini ndi ku mipira imene injini ikhalirapo, ndipo atsimikize mwa kuliza injini galimoto iri ciimire. Kukapitirira monga kale, ndiye kuti ndi cinthu cozungulira ndi mseu, mawilo kapena propshaft, pakuti zimenezi sizileka kuzungulira kilachi ikapondedwa.

Kawiri-kawiri mlandu upezeka ku mawilo, ndipo nthawi zina ndi wocititsa manyazi cifukwa ca kucepa kwake. M'dzinja, kucokera November kufika March, tinjira ta m'komboni ndi ta m'midzi tisanduka matope. Matopewo alowa kuseri kwa limu, galimoto igona usiku, ndipo aumira mbali imodzi. Ndowa ya madzi ndi kamtengo kokolokosera zaciritsa mavaneti ambiri amene eni ake anali atayamba kale kufunsa mtengo wa mashoki. Munthu ayang'anenso m'mphepete mwa limu, mmene mukhala tizitsulo ting'ono-ting'ono tolinganiza kulemera kwa wilo. Kamodzi kakagwa kasiya malo oyera ooneka. Cigamba cacikulu comatidwa m'kati mwa tayala nacho cilemeretsa mbali imodzi, ndipo tayala lomatidwa motero liyenera kupita ku makina olinganiza lisanayende ulendo wautali.

Limu yopindika ndi mphatso ya maenje. Cigawo ca pakati pa Kazungula ndi Sesheke cinadziwika kwa zaka zambiri cifukwa ca maenje ake, ndipo dzenje limodzi logundidwa pa liwiro likwanira kupinda limu. Kuipeza sikuvuta. Galimoto ikwezedwe pa jeke, mawilo ena atsekerezedwe ndi miyala, ndipo pansi paikidwe cipika colimba, cifukwa jeke yokha si yoikirapo moyo. Kamtengo kagonekedwe pa njerwa, nsonga yake iyandikire m'mphepete mwa limu, ndipo wilo lizungulizidwe ndi dzanja. Limu yabwino isunga mpata umodzi-modzi. Yopindika iyandikira ndi kutalikira, ndipo malo amene igunda kamtengo alembedwe ndi coko. Limu ya citsulo yopindika pang'ono m'mphepete ikhoza kuongoledwa, koma limu yopepuka yonyezimira ija ikang'aluka ndi yotaya.

Njira ina yosalira ndalama ndiyo kusinthanitsa mawilo, a kutsogolo kupita kumbuyo, a kumbuyo kubwera kutsogolo. Ngati kunjenjemera kwasamuka kucoka pa siteringi kupita pa mpando, wakuba wagwidwa ndi mbuzi m'manja. Ngati kwakhala pomwe kunali, mawilo ndi osalakwa ndipo kufufuza kulowe m'kati.

Pa zikwangwani za magalaji a matayala palembedwa mau awiri amene asokoneza anthu ambiri, wheel balancing ndi wheel alignment. Yoyamba ndi nchito yolinganiza kulemera kwa wilo pa makina olizunguliza, ndipo ndiyo mankhwala a kunjenjemera kwa pa liwiro. Yaciwiri ndi yoongola kumene mawilo ayang'ana, ndipo ithandiza galimoto yokokera mbali imodzi kapena yodya tayala m'mphepete. Munthu wopita ndi siteringi yovina n'kulipira alignment yokha ali ngati wodwala dzino amene wagula mankhwala a m'maso. Ziwirizi zikomana pa malo amodzi cabe: tayala limene ladyeka mokhala zitunda-zitunda, kaya cifukwa ca mawilo osayang'ana bwino kaya mashoki akutha, lidzapitiriza kudumpha ngakhale makina anene kuti lalingana.

Wilo likali m'mwamba pa jeke, ligwidwe pamwamba ndi pansi ndi kugwedezedwa. Likachita gwede-gwede, beringi yamasuka kapena ball joint yatha. Ligwidwenso kumanja ndi kumanzere. Kugwedera kwa mbali imeneyo kuloza ku tie rod, timikono tolumikiza siteringi ndi mawilo. Zitsulo zakutha zotere sizimayambitsa kunjenjemera nthawi zonse, koma zikukuza, ndipo tie rod ikaguluka pa liwiro siteringi ingozungulira m'manja osalamulira kanthu.

Propshaft iiwalika cifukwa iri pansi, kosaoneka. Ku nsonga zake kuli mfundo zonga mtanda zimene amakanika achula universal joint, ndipo pa mavaneti ambiri atali-atali monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB iri ya zigawo ziwiri, zogwiridwa pakati ndi beringi yokhala mu mphira. Mfundo yakutha imveka gu! munthu akalowetsa giya yoyamba kapena ya m'mbuyo, ilira tswi-tswi poyenda pang'ono, ndipo pozungulira pake pagwa fumbi lofiira la dzimbiri. Kunjenjemera kwake kukula phazi likaponda mafuta ndi kucepa likacoka. Injini itazimidwa, giya iri pa fili, mawilo atatsekerezedwa, munthu agwire propshaft ndi manja awiri pafupi ndi mfundo, aipotoze ndi kuikankha. Mfundo yabwino siigwedera ngakhale pang'ono. Zambiri mwa mfundozi ziri ndi timabowo tothirira girizi, ndipo mcenga wa ku Livingstone ndi madzi a m'dzinja zidya msanga mfundo youma. Aonenso ngati citsa kapena mwala sunaphwanye mpopewo, ndi ngati waya kapena thumba silinakulungike pamenepo.

Funso limodzi lipulumutsa ndalama zambiri: kodi nchito yomalizira pa galimotoyi inali yotani? Ngati kunjenjemera kunayamba kilachi itangosinthidwa, mwina propshaft inamasulidwa popanda kuikapo zizindikiro ndipo inabwezedwa zigawo zake zitasemphana. Kuibweza pa malo ake ndi nchito ya ola limodzi. Koma mfundo yakutha isalekereredwe, makamaka ya kutsogolo, pakuti ikaduka pa liwiro nsonga ya propshaft igwa ndi kukumba mseu, ndipo ikhoza kunyamula matako a galimoto ndi onse okwera pamenepo.

Za katundu eni mavaneti safuna kumva, koma ziyenera kunenedwa. Mavaneti ambiri a mtundu umenewu anapangidwa kunyamula pafupi-fupi tani imodzi, kuwerengera pamodzi woyendetsa ndi okwera onse. Matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu. Vaneti yonyamula matumba 30, eni cimanga atakhala pamwamba, iphwatalitsa masipuring'i a kumbuyo, isintha kapendekeke ka propshaft, ndi kutenthetsa matayala. Kunjenjemera kumene kubwera galimoto italema ndi kucoka ikatsitsidwa kwanena kale kumene kucokera. Makanika ayang'ane masamba a masipuring'i ngati palibe loduka, ndi zomangira zake ngati sizinamasuke, koma mankhwala eni-eni ndi maulendo awiri m'malo mwa umodzi.

Mabuleki ali ndi cizindikiro cao cosasokoneza. Siteringi igwedezeka ndipo copondera cibwezera phazi pokhapo pamene woyendetsa akuimitsa. Pamenepo mbale za mabuleki zadyeka mosalingana, monga zicitikira kawiri-kawiri kwa otsika mapiri a ku Luangwa ataponda buleki njira yonse m'malo motsika ndi giya yaing'ono. Wilo limodzi likatentha kuposa anzake pambuyo pa ulendo waufupi, buleki yake ikugwira yokha, ndipo nayonso ikhoza kunjenjemeretsa galimoto.

Livingstone ndi tauni yodziwa magalimoto. Mu 1972 munatsegulidwa fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene inali kulumikiza magalimoto a Fiat, ndipo ngakhale inatsekedwa kale, amisiri a manja aluso m'tauniyi sanathe. Koma mmisiri ngakhale waluso motani ayamba ndi mau a mwini galimoto. Wofika n'kungoti, "Amakanika, galimoto injenjemera, ionereni," watsegula thumba lake kuti aliyense apisemo. Wofika n'kunena kuti, "Bambo, iyamba pa 85, imveka pa mpando osati pa siteringi, siileka ndikaponda kilachi, mawilo ndasinthanitsa koma siinasinthe," wacita theka la nchito, ndipo makanika woona mtima apita molunjika pansi pa galimoto. Mwiniyo apemphe kuona ndi maso ake citsulo cimene cagwedera cisanacotsedwe, ndipo cakale cija apite naco kwao. Cinthu cimodzi cisinthidwe, galimoto iyesedwe, kenaka cina. Kusintha zinai pamodzi kubisa cimene cinali kudwala.

Cikalata ca fitinesi cocokera ku Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, cinena za mmene galimoto inaliri pa tsiku loyesedwa. Sicidziwa za dzenje la dzulo kapena za nati ya lero m'mawa.

Nchito ikatha ndipo mawilo abwerera m'malo, pa nkhope pamene limu ikhalira papukutidwe mcenga ndi dzimbiri, pakuti kamwala kamodzi kotsalira pamenepo kapendeketsa wilo lonse. Manati ayambidwe ndi zala, amangidwe modumphitsa, iyi kenaka ya kutsidya kwake, osati motsatana mozungulira, ndipo amaliziridwe galimoto itatsika pa jeke. Akayenda makilomita 50 kufika 100 ayesedwenso, cifukwa limu ikhazikika ndipo manati ena apezeka atamasukako. Wocoka m'Nakatindi kupita kumadzulo afika ku Kazungula atayenda makilomita oposa 60, ndipo pamenepo, okwera akutsika kukagula zakudya, ndi poyenera kuturutsa sipanala ndi kuzungulira mawilo onse anai.